Funso Nambala 47

Anthu amene ankakwera sitima ya pansi ya seveni koloko m'mawa ku Shubra, mumzinda wa Cairo, ankawadziwa awiriwa, ngakhale mayina sankawadziwa. Sitimayo ili ndi mabogi a amayi okhaokha, koma Rawya sankapondamo. Ankalolera kupanikizana ndi chikhamu cha amuna bola aime pafupi ndi mwamuna wake Wagdi, awiriwo n'kumatsutsana za masamu ulendo wonse ngati ana a sukulu. Anali atatha zaka khumi ndi ziwiri ali pabanja, mwana mmodzi, Sondos, koma ukawaona unkangoti akwatirana dzulo. Onse anali madokotala a sayansi pa malo amodzi a kafukufuku kunja kwa Cairo. Wagdi ankadziwa za makina otha kuona pansi pa nthaka ali kumwamba. Ntchito ya Rawya inali yoonetsetsa kuti setilaiti isapse ikakhala padzuwa, isafenso ndi chisanu ikalowa mumthunzi wa dziko.

"Mkazi wangayu anaphunzira zaka zonsezi kuti azifunditsa zitsulo bulangeti," ankatero Wagdi kukabwera alendo.

"Nanga inu? Mukufunafuna madzi kumwamba pomwe mpopi wa kubafa ukudontha chaka chachiwiri tsopano," ankabweza Rawya, nyumba yonse n'kufa nacho chiseko.

Koma Wagdi anali ndi bala limene nthabwala sizinkafikapo. Kwawo kunali ku Dakhla, m'kati mwa chipululu, kumene chitsime cha bambo ake chinauma iye akadali wamng'ono. Mitengo ya kanjedza inafa umodziumodzi, ndipo mkuluyo anamwalira akukumbabe pamalo olakwika. Kuyambira pamenepo Wagdi ankalota chinthu chimodzi chokha: setilaiti yoona madzi obisika pansi pa mchenga, yoti iziuza mlimi kuti kumba apa, apo usataye thukuta. Rawya ankalidziwa lotoli kuposa aliyense, ndipo n'chimene anamukondera.

Tsono chaka chimenecho bungwe loona za mlengalenga linalengeza mpikisano. Linati lidzaponya setilaiti imodzi yokha, ndipo aliyense amene ali ndi ganizo la ntchito yoti ikagwire kumwambako alembe pulani yake. Thupi la setilaiti ndi batire yake zidzaperekedwa ndi bungwelo, zofanana kwa onse. Opikisana angobwera ndi makina oti akwezemo, ndi chifukwa chomveka. Mapulani anabwera khumi ndi anayi. Komiti ya akatswiri, imene mayina ake sankaululidwa, inasefasefa mpaka kutsala atatu. Atatuwo anapatsidwa miyezi isanu ndi inayi kuti akonze zonse mwakuya, kenako komiti idzawayendere, iwapanikize ndi mafunso tsiku lathunthu, isankhe mmodzi. Wachiwiri salandira kanthu, ngakhale zikomo.

Pa atatuwo panali pulani ya Wagdi ya madzi. Panali ya yunivesite ina ya kumpoto. Yachitatu inali ya Dokotala Sabri, yolondola mphepo za fumbi zimene zimatitseka maso chaka ndi chaka. Sabri ameneyu ofesi yake inali pakhonde limodzi ndi ya Wagdi. Anali mnzake wa ponda apa m'pondepo kuyambira ku yunivesite, ndiye anasaina ngati mboni pa ukwati wawo, ndipo mkazi wake anali atamwalira zaka zitatu zapitazo.

Apa m'pamene malamulo analowa m'nyumba ya eni. Lamulo loyamba linkati mtsogoleri wa gulu asalamulire mkazi wake kapena m'bale wake. Choncho Rawya, katswiri wa za kutentha ndi chisanu amene aliyense ankamufuna, anaperekedwa kwa Sabri. Lamulo lachiwiri ndi limene anthu a ntchitoyi amalitcha khoma. Magulu awiri opikisana akakhala pa malo amodzi, aliyense amasaina kuti sadzauza wa gulu linalo kanthu, ngakhale nambala imodzi. Zikadziwika kuti chinachake chadumpha khoma, magulu onse awiri amachotsedwa mumpikisano.

Tsiku losaina anaseka nazo.

"Ndiye mayi a Sondos, uzisamala polota. Ukatchula nambala m'tulo ndikakunenera," anatero Wagdi.

"Inu ndi amene mumabwebweta, bambo a Sondos. Ine ndigula thonje la m'makutu."

Abale inu, mphuno salota. Akanadziwa kuti akusainira chiyani, cholemberacho akanachithyola. Anthu awiriwa chikondi chawo chinamera pa kukambirana za ntchito, n'kukulira pomwepo. Ukawalanda zimenezo watsala ndi chiyani? Patebulo panayamba kumveka masupuni okhaokha. "Mwaswera bwanji?" "Bwino, kaya iwe?" Basi. Wagdi akalandira foni ankatuluka kukhonde. Rawya akatsegula kompyuta ankatembenuzira nsana kukhoma. Ndipo m'mawa wina, pofuna kuwerenga mapepala ake popanda diso la mwamuna wake kugwerapo mwangozi, Rawya anakwera bogi ya amayi. Anachita zimenezo pofuna kumuteteza, koma Wagdi anaima yekha pakati pa amuna anzake, mtima ukumuwawa.

M'mwezi wachisanu Rawya anaika batire ya bungwe ija m'bokosi loziziritsa la mulabu, kuti aone ngati imapiriradi chisanu monga buku la mpikisano linkanenera. Sanali munthu wokhulupirira buku asanakhudze ndi manja. Batire ija inafooka isanafike n'komwe pamene bukulo linalonjeza. Anayesanso kachiwiri, kachitatu, zomwezo. Nambala ya m'buku inali yolakwika.

Gulu la Sabri linatseka chitseko n'kuvina mwakachetechete. Kwa iwo chinali chuma chotola. Makina awo ankadya magetsi pang'ono, kukonza kwake kunali kosavuta, ndipo akadzalemba zimenezi mu lipoti lomaliza, komiti idzatembenukira magulu enawo n'kufunsa kuti nanga inu munaziona? Nthawi yokonza idzakhala itatha. Rawya yekha ndiye sanavine. Ankadziwa, monga ankadziwira aliyense amene anawerenga chidule cholengezedwa poyera, kuti makina a Wagdi ndi adyera pa magetsi. Ankadziwanso kuti munthu amene Wagdi anapatsidwa m'malo mwa iye amalemekeza buku ngati malemba oyera. Batire ikafooka mumthunzi, loto la ku Dakhla lathera pomwepo.

Tsiku limenelo anafika kunyumba n'kupeza mwamuna wake akuthandiza Sondos masamu, akuimba kanyimbo. Mawu anayi okha akanakwana: batire ija muiyese m'chisanu. Akanena, magulu onse awiri atuluka. Akapanda kunena, mwamuna wake agwa pamaso pa komiti. Anangolowa kukhitchini n'kuyamba kudula anyezi amene ndiwo zake sizinkafuna.

Njira yololedwa inalipo imodzi yokha. Mpikisano wotere umakhala ndi tsamba la mafunso pa intaneti. Gulu lililonse likhoza kufunsa bungwe chilichonse, dzina la wofunsa silionetsedwa, koma funso ndi yankho lake zimaikidwa poyera kuti magulu onse aone. N'chifukwa chake ochenjera safunsa chinthu chowapindulira okha. Ndipo wotumiza funso amayenera kukhala mtsogoleri wa gulu, osati wina aliyense.

Nkhani yotere sakanaikamba mu ofesi, anzake a m'gulu akanamudya wamoyo. Anapempha Sabri kuti akumane masana pa kamalo kena komwera tiyi m'mbali mwa Nile, ku Maadi.

"Mlamu, wapenga?" anatero Sabri atamva. "Ukuti ndinole mpeni ndekha, ndiupereke kwa wondibaya?"

"Ndi mnzanu, a Dokotala."

"Ndi mnzanga, inde, ndipo ndidzamugulira nkhosa akadzaluza. Koma ndili ndi anthu khumi ndi asanu amene aiwala nkhope za ana awo chifukwa cha pulani iyi. Ndikawauze chiyani?"

"Nambala yolakwika si ya ife tokha. Ndi ya dziko lonse."

"Dziko lonse lidzaiwerenga mu lipoti lathu. Imwa tiyi wako, wazizira."

Anakumananso kachiwiri, Sabri anakana. Tsiku limenelo Rawya anachedwa kufika kunyumba, ndipo Wagdi atafunsa, iye anati anali kulabu. Limeneli ndi bodza lokhalo limene ananena m'nkhani yonseyi, ndipo linadzamudya. Kachitatu, kutatsala tsiku limodzi kuti tsamba la mafunso litsekedwe, Rawya sanatsutsenso ndi mfundo. Anangofotokoza za nkhalamba ya ku Dakhla imene inafa ndi khasu m'manja, misozi ili chuchuchu. Sabri anayang'ana madzi nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Kupambana munthu chifukwa cha buku lolakwika sikukoma. Nditumiza. Koma tamvera, mlamu. A kumpoto aja akangomva kuti funsoli linapita chifukwa cha mwamuna wako, akasuma kuti tinagwirizana, ndipo tonse tapita. Wagdi ndimamudziwa, pakamwa pake palibe chitseko, ndipo ndi wonyada. Akadziwa, akadziulula yekha. Usamuuze mpaka zotsatira zitatuluka. Lumbira."

"Ndalumbira pa moyo wa Sondos."

Kenako, chifukwa cha chimwemwe, anachita chimene aliyense wa kuno amachita kwa munthu amene wamuchotsa m'dzenje: anagwira dzanja la Sabri n'kulipsompsona. Sabri analichotsa msanga, akuti, "Iai, iai, Mulungu akhululuke." Zinatenga kamphindi kochepa chabe. Koma kutsidya kwa msewu, mu minibasi imene inaima pa mzere wa magalimoto, munali Madamu Enayat, mlembi wa mu ofesi ya mkulu wa malo a kafukufuku aja, foni ili m'manja, akuwajambula.

Patatha masiku asanu funso linatuluka pa tsamba lija, nambala 47. Linkati: kodi bungwe latsimikiza kuti batire imene likupereka imapirira chisanu cha mumthunzi monga buku likunenera? Yankho linali lalifupi: tayesanso, nambala inalakwika, yolondola ndi iyi.

Wagdi anafika kunyumba ndi thireyi ya makeke otsekemera a basbusa, akuvina pa masitepe.

"Mayi a Sondos, izi ndi za poyera, khoma silikuletsa. Waliona funso 47? Mulungu ndi wamkulu! M'dziko muno muli chitsiru china chimene chatola golide n'kukamuika pamsewu. Ndikanafa ine, ndikanafa ndithu! Ndi a kumpoto aja, ndikudziwa, mitu yawo yadzaza nsomba."

"Mwina ndi munthu wabwino chabe," anatero Rawya, maso ali pa mbale.

"Wabwino? Pa mpikisano? Chitsiru, ndati! Ndikadzamudziwa ndidzamupsompsona pachipumi."

Anasindikiza funsolo pa pepala n'kulimata pa firiji. Rawya ankaliona m'mawa uliwonse potenga mkaka, ndipo mumtima ankati zatha bwino.

Sizinathe. Madamu Enayat anali ataphikira Sabri makeke zaka zitatu, kuyambira tsiku la maliro a mkazi wake, ndipo Sabri ankangothokoza n'kugawira alonda. Mkazi wotere ukamupatsa chithunzi chonga chija, sathamanga nacho. Amayamba wathira mchere pang'onopang'ono. "Ine sindinena za anthu, koma Maadi ndi kutali ndi labu." Mawa lake: "Mwamuna wofedwa ndi wofedwa, tisamuweruze." Sabata isanathe nkhani inali itafika kwa ophika tiyi ndi oyendetsa magalimoto. Wagdi akalowa mukantini, anthu ankayamba kuyamikira nyengo. Tsiku lina anamva kumbuyo kwake wina akunong'ona kuti khoma lija lili ndi khomo, koma kiyi ali ndi Sabri, ena n'kuphulika kuseka.

Nsanje, abale, sibwera ndi ng'oma. Imalowa ngati chiswe, kunja mtengo uli chiimire. Wagdi anayamba kuwerengera mphindi. Anayamba kununkhiza mpango wa mkazi wake. Anakumbukira bogi ya amayi ija, anakumbukira kompyuta yotembenuzidwa, zinthu zimene iye mwini anasainira, n'kuziona ndi maso ena. Anapita kukaona buku losainamo olowa mulabu, napeza kuti tsiku lija limene Rawya anati anali kulabu, anatuluka wani koloko ndipo sanabwererenso. Sanafunse. Anangosiya kuimba, n'kusiya kudya molokhia, ndiwo yamasamba ya mkazi wake imene ankati palibe wina amaitha kuphika. Rawya ankaona zonsezi ngati munthu woonerera nyumba yake ikupsa ali tsidya lina la mtsinje. Ankangowerenga masiku pa kalendala, n'kumapemphera kuti afulumire.

Komiti inabwera. Inapanikiza Wagdi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pa nkhani ya batire anayankha mpaka akuluakuluwo anagwedeza mitu. Ananyamuka atanena kuti zotsatira zidzalengezedwa pakatha masabata atatu. Lachisanu lotsatira, Wagdi akutuluka mu mzikiti, foni yake inalira. Nambala yosadziwika, chithunzi chimodzi, popanda mawu.

Anafika kunyumba n'kuuza Sondos kuti apite kwa aneba. Kenako anaika foni patebulo.

"Ichi n'chiyani?"

Rawya anayang'ana. "Ndi ine ndi a Dokotala Sabri."

"Maso ndili nawo! Ndikufunsa kuti milomo ya mkazi wanga ikutani pa dzanja la mwamuna wina?"

"Ndinkathokoza."

"Kuthokoza chiyani?"

"Sindinganene. Ndi za ntchito."

"Za ntchito! Ntchito yake iti yolira nayo m'mbali mwa mtsinje? Labu inasamukira ku Maadi? Unandiuza kuti unali kulabu, Rawya. Ndinakaona buku. Unandinamiza ukundiyang'ana m'maso!"

"Ndinanama, inde, ndikhululukireni. Koma si zimene mukuganizazo. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, palibe mwamuna wina anandikhudzapo."

"Ndiye nena! Pakamwa uli napo, nena!"

"Masabata atatu okha, bambo a Sondos. Zotsatira zikatuluka ndidzakuuzani zonse, ndipo mudzaseka. Ndagwira mwendo wanu, dikirani."

"Ndidikire? Anthu akundiseka mpaka ophika tiyi, iwe ukuti ndidikire? Khoma limeneli mwalipeza pabwino, eti? Mukabisala kuseri kwake, chitsiru cha ku Dakhla chizingoti ndi malamulo!"

"Ndinalumbira pa moyo wa mwana wathu."

"Unalumbira kwa ndani?"

Rawya anagwetsa maso pa chithunzi chija.

"Kwa iyeyo? Walumbirira mwamuna wina pa mwana wanga?"

Anamenya tebulo, makapu n'kugwa. Pepala la funso 47 linali pomwepo pa firiji, kuseri kwa phewa lake, ndipo Rawya ankaliyang'ana kudzera m'misozi. Akanangoloza ndi chala. Koma ankamudziwa mwamuna wake: akanathamangira kwa Sabri, kapena ku bungwe, kukafuula kuti iye safuna kupambana ndi zachifundo, ndipo zaka zonse zija zikanapita m'madzi pamodzi ndi anthu khumi ndi asanu a gulu lina. Anasankha kupirira masabata atatu a chipongwe kuti amupulumutsire loto lake. Ena amati analakwa, ndipo mwina analakwadi. Ine ndimangoti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mayiyu mvula inamupeza ali pakati.

Anaimbira Sabri kuti amumasule pa lumbiro lija. Sabri anaseka. "Wagdi? Ndi mkaka uja, umafufuma n'kutsika. Ndimusiye apole, ndidzalankhula naye ndekha." Anthu abwino ali ndi vuto limeneli, amaganiza kuti ubwino wawo ukuoneka kwa aliyense.

Wagdi anapirira masiku anayi.

Lachiwiri masana ankachotsa katundu m'holo imene komiti inakhalamo. Gulu lililonse linali litapanga chifanizo cha setilaiti yake, chachitsulo, chachikulu ngati wailesi, choonetsa alendo aja. Wagdi ananyamula chake n'kutuluka nacho pakhonde, ndipo anakumana ndi Sabri maso ndi maso.

"Wagdi, m'bale wanga! Ndamva kuti unawagoneka akuluakulu aja. Bwera tikamwe tiyi, tikambirane."

"Ndilibe chokamba ndi iwe."

"Aa, usatero. Zimene ukumvazo ndi mphepo. Uli ndi mkazi wagolide, iwe, sukudziwa n'komwe. Ukanadziwa zimene ine ndikudziwa..."

Ananena akumwetulira, dzanja atatambasula, dzanja lomwe lija la pa chithunzi. Amene analipo amati Wagdi sanafuule. Anangokweza chifanizo chija ndi manja awiri. Kamodzi, kawiri. Pamene anthu ankamugwira n'kuti Sabri ali pansi, magalasi ake ali uko. Rawya anamva phokoso ali mulabu, anatuluka akuthamanga, napeza mwamuna wake atakhala pansi atatsamira khoma, akuyang'ana manja ake. Sabri anamwalira asanafike kuchipatala.

Malamulo a mpikisano alibe misozi. Gulu lopanda mtsogoleri silipitirira, ndipo magulu awiri anatsala opanda atsogoleri tsiku limodzi. Pa tsiku lomwe lija linalonjezedwa, bungwe linalengeza kuti yapambana ndi yunivesite ya kumpoto. Lumbiro la Rawya linatha tsiku limenelo, koma woti amuuze n'kuti ali m'chitokosi, akukana kumuona.

Mlandu utayandikira, loya wa Wagdi, Ustazi Lotfi, anabwera kunyumba. Anamvetsera nkhani yonse, n'kuvula magalasi, n'kupukuta nkhope.

"Madamu, zimene mwandiuzazi zisatuluke m'nyumba muno."

"Bwanji? Ndi zoona."

"Zoona zake n'zimene zingamumize. Bwalo likaona mwamuna amene anapsa mtima chifukwa cha ulemu wa banja lake, mwina lingamumvere chisoni, zaka n'kuchepa. Koma likamva kuti anapha munthu amene anamuchitira chifundo, ndani angamukhululukire? Sindikuti muname, Mulungu aletse. Akakufunsani za chithunzi chija, mungoweramitsa mutu. Mungokhala chete basi."

Rawya anaseka kuseka kowawa. "Chete? Ustazi, kukhala chete n'kumene kwandifikitsa pano."

Masiku otsatira sanadye. Akakhala chete, mwamuna wake abwerako msanga, koma Sondos akula akulozedwa zala kuti mayi ake ndi aja a ku Maadi, ndipo Sabri agona m'manda ndi dzina la wakuba akazi a eni. Akalankhula, akhala ngati wakhoma yekha chitseko cha ndende. Kulikonse kumene ankatembenukira kunali khoma.

Tsiku la mlandu Wagdi anaima m'khola la zitsulo la oimbidwa mlandu, atavala zoyera, tsitsi litachita imvi miyezi yochepa. Kutsogolo kunakhala mayi ake a Sabri, nkhalamba yovala zakuda, imene inkangoyendetsa mikanda yopempherera ya tasibihi. Woweruza anakweza chithunzi chija.

"Dokotala Rawya, tauzani bwalo. Munkathokoza chiyani?"

Rawya anayang'ana loya, anayang'ana nkhalamba ija, kenako anatembenukira kukhola.

"Ndinkathokoza funso nambala 47, bwana."

Anafotokoza zonse: bokosi loziziritsa, nambala yolakwika, maulendo atatu a ku Maadi, lumbiro. Anapereka buku lake la mulabu. Woimira boma anawerenga kalata yochokera ku bungwe yotsimikiza kuti funsolo linatumizidwa ndi Dokotala Sabri, kutatsala maola anayi kuti tsamba litsekedwe. Ena m'bwalomo sankamvetsa kuti funso la batire likukhudzana bwanji ndi imfa ya munthu. Koma m'khola muja munali munthu mmodzi amene ankalidziwa funsolo pamtima.

"Ayi," anatero Wagdi chapansipansi. Kenako mokweza, "Ayi! Anali a kumpoto! Rawya, nena kuti anali a kumpoto!"

"Anali Sabri, bambo a Sondos. Chitsiru chija munkati mudzachipsompsona pachipumi."

Wagdi anagwira zitsulo, anatsetsereka mpaka pansi. Kulira kumene analira, ngakhale apolisi anayang'ana kumbali. Mayi ake a Sabri anakweza manja n'kunena kuti, "Mulungu ndiye wondikwanira, mwana wanga wayera." Madamu Enayat, amene anabwera kudzaonerera atavala mpango watsopano, anatuluka mwakachetechete. Iyeyo palibe lamulo linamukhudza, ndipo mpaka lero akulembabe makalata mu ofesi muja.

Woweruza anati zaka khumi ndi zisanu, akagwire ntchito yakalavulagaga.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu uyu ankadziwa kudikira: anadikira zaka makumi atatu kuti apeze madzi a bambo ake, ankatha kuyesa nambala imodzi kakhumi asanaikhulupirire. Koma chithunzi chimodzi chochokera ku nambala yosadziwika anachikhulupirira osachiyesa n'kamodzi komwe, ndipo mkazi amene anagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi ziwiri anamumana masabata atatu. Nsanje ndi yotero. Imakuuza kuti ukuteteza chako, pomwe ikukugwiritsa nkhwangwa kuti udule nthambi imene wakhalira. Ndipo inu onyamula nkhani za eni, dziwani kuti pa manja a Wagdi panali magazi, koma amene ananola chitsulocho ndi malilime.

Rawya amapita kundende kamodzi pa mwezi, atanyamula molokhia m'kapoto. Ulendo woyamba anakhala moyang'anizana, waya ali pakati. Tsopano panalibe lamulo lowaletsa kukamba chilichonse, koma chokamba chinali chitatha.

"Pepala lija likadali pa firiji?" anafunsa Wagdi pomaliza.

"Lilipo."

"Ukalichotse."

"Ndinayesa. Sondos anakana. Akuti ndi pepala limene linasangalatsa bambo ake, lizikhala pomwepo mpaka mudzabwere."

Wagdi anaphimba nkhope ndi manja. Mlonda anagogoda pa chitsulo kuti nthawi yatha. Rawya anatola kapoto kake, natuluka, nakakwera sitima yobwerera ku Shubra, m'bogi ya amayi.